Tsiku Limene Wikipedia Inadzizimitsa Yokha

Lachitatu pa 18 Januwale 2012, nthawi ya 7 koloko m'mawa kwathu kuno, pomwe ku Washington kunali pakati pa usiku, Wikipedia ya Chingerezi inatsekeka. Sikuti makina anawonongeka kapena achiwembu anailowerera, ayi. Eni ake ndiwo anaitseka, mwadala, kwa maola 24, potsutsa mabilu awiri okhudza intaneti amene anali m'nyumba ya malamulo ya ku America. Aliyense wofufuza kanthu pa kompyuta tsiku limenelo, kaya mwana wa sukulu ku Ohio kaya mphunzitsi amene walipira mphindi zake mu kafe ya intaneti ku Limbe, ankaona nkhani imene akuifunayo ikungothwanima kamphindi, kenaka n'kuphimbidwa ndi tsamba lakuda bii, lokhala ndi chilembo cha W ndi mawu omupempha kuti aganizire dziko lopanda chidziwitso chaulere. Panalinso kabokosi koti wokhala ku America alembemo nambala ya dera lake kuti apatsidwe foni ya phungu wake.

Malinga ndi bungwe la Wikimedia Foundation, limene limayendetsa Wikipedia, anthu 162 miliyoni anaona tsamba lakudalo, ndipo 8 miliyoni anagwiritsa ntchito kabokosi kaja. Wikipedia sinali yokha. Reddit, tsamba limene anthu amakambiranapo nkhani zosiyanasiyana, inatseka kwa maola 12. Google sinatseke, koma kwa anthu a ku America inamata chigamba chakuda pa dzina lake lamitundumitundu lija, n'kuikapo chikalata chodandaula chimene anthu oposa 7 miliyoni anasaina. Mozilla, WordPress, Craigslist, magazini ya Wired, aliyense anachita mwa njira yake, ndipo gulu la Fight for the Future, limene linali pakati pa okonza zionetserozi, linawerenga masamba oposa 115,000 amene anatengapo mbali. Ku New York anthu anasiya makompyuta n'kukaima mumsewu m'chisanu cha Januwale, kunja kwa maofesi a maseneta Chuck Schumer ndi Kirsten Gillibrand. Mkwiyo wonsewu unali pa mabilu awiri aja, olimbana ndi masamba ofalitsa mafilimu ndi nyimbo zakuba, amene anali asanakhale n'komwe malamulo: SOPA ndi PIPA.

PIPA ndiyo inayamba. Anaibweretsa ndi seneta Patrick Leahy wa ku Vermont pa 12 Meyi 2011, ndipo patangotha milungu iwiri komiti ya zamalamulo ya Seneti inaivomereza popanda wotsutsa. SOPA, imene dzina lake lonse ndi Stop Online Piracy Act, inadza pa 26 Okutobala kudzera mwa Lamar Smith wa ku Texas, wapampando wa komiti ya zamalamulo m'nyumba ya aphungu. Leahy anali wa chipani cha Democrat, Smith wa Republican, zipani zimene nthawi zambiri sizimwerana madzi, koma apa zinali pamodzi. Kumbuyo kwawo kunali MPAA ya makampani a mafilimu a ku Hollywood, RIAA ya makampani a nyimbo, bungwe la amalonda la US Chamber of Commerce, mgwirizano wa mabungwe a ogwira ntchito wa AFL-CIO, ndi makampani opanga mankhwala. Aliyense wodziwa ndale za ku Washington ankaona kuti mabiluwa adutsa basi. Amene anaima panjira poyambirira anali seneta mmodzi, Ron Wyden wa ku Oregon, yemwe anagwiritsa ntchito mphamvu imene seneta aliyense ali nayo yoimitsa kaye bilu isanakambidwe m'nyumba yonse.

Ndisanapite patali, ndinene kuti vuto limene mabiluwa ankalimbana nalo silinali lopeka. Amene anaonapo woimba wakwathu kuno akuzungulira mumsika padzuwa ndi katoni ya ma CD ake, pomwe mnyamata wa pakompyuta pa kagolosale kapafupi akuthira nyimbo zomwezo m'mamemori khadi a anthu, mwini wake osalandirapo ndi tambala yomwe, akudziwa kuwawa kwa kudyeredwa thukuta. Bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi zimenezi kuyambira 1992. Ku America nkhani inali yomweyo, kungoti ndalama zake zinali zochuluka ndipo akubawo anali kutali. Masamba ngati The Pirate Bay, imene inayambira ku Sweden, ankathandiza anthu kupeza filimu yatsopano mwaulere, pomwe ena ankagulitsa mankhwala achinyengo ndi katundu womatidwa mayina a makampani otchuka.

Pa masamba a m'dziko mwawo lamulo linalipo kale, la DMCA la mu 1998. Wina akaika nyimbo yanu pa YouTube popanda chilolezo, mumalembera YouTube kuiuza kuti nyimbo yakutiyakuti, ili pakutipakuti, ndi yanu. YouTube ikaichotsa msanga, ilibe mlandu. Mlandu umatsala ndi amene anaikayo, ndipo naye ali ndi mwayi woyankha ngati akuona kuti mwamunamizira. Lamulo limeneli ndilo linapatsa mpata masamba olembedwa ndi anthu wamba, Facebook, YouTube, Wikipedia yomwe, kuti akule osaopa kutsekedwa chifukwa cha zimene munthu mmodzi waikapo. Koma kalata ya DMCA mukaitumiza kwa mwini tsamba amene ali kutsidya kwa nyanja, amangoiseka, poti khoti la ku America silingamugwire. Apa m'pamene panabadwira ganizo la SOPA ndi PIPA: munthuyo sitingamufikire, ndiye tiyeni tigwire onse amene amachititsa kuti tsamba lake lizipezeka ndi kumapanga ndalama, chifukwa amenewo tili nawo konkuno.

Motero mkulu wa zamalamulo m'boma akanapita kukhoti kukatenga chiletso n'kuchipereka kwa magulu anayi. Otsatsa malonda akanasiya kuika malonda patsambalo. Visa, MasterCard ndi PayPal akanasiya kudutsitsa ndalama zake. Google ndi anzake ofufuzira akanalifufuta pa zimene amaonetsa munthu akafufuza. Ndipo makampani ogulitsa intaneti akanaletsa dzina la tsambalo kuti lisamatseguke. Ziwiri zoyambazo, zotsata ndalama, ngakhale otsutsa ena sankazikana kwenikweni. Wyden ndi phungu Darrell Issa analemba bilu yawoyawo, OPEN Act, yotsamira pomwepo. Nkhondo inali pa ziwiri zomalizazo, makamaka chachinayi.

Kuti chachinayichi chimveke, tiyenera kudziwa chimene chimachitika mukalemba dzina la tsamba. Makompyuta sadziwana mayina, amadziwana manambala. Zili ngati foni yanu: mumadina pamene munalemba kuti Amayi, koma chimene foniyo imaimba ndi nambala imene munasunga pansi pa dzinalo. Intaneti ili ndi kaundula wake wotere, wotchedwa DNS, womwazikana m'makina ambirimbiri padziko lonse, ndipo ntchito yake ndi imodzi yokha, akafunsidwa dzina ayankhe nambala yoona. Mabiluwa ankafuna kuti makina a DNS a ku America, akafunsidwa dzina loletsedwa, azikana kuyankha kapena azimutumiza munthu ku chikwangwani cha boma.

Akatswiri amene anamanga dongosololi sanakhale chete. Mu Meyi 2011 asanu mwa iwo, kuphatikizapo Steve Crocker, Paul Vixie ndi Dan Kaminsky, analemba chikalata chofotokoza chimene chikanachitika. Choyamba, njirayi siigwira wakuba. Kufufuta dzina sikufufuta nambala, wodziwa nambalayo amalowabe, ndipo kusintha kompyuta kuti izifunsa DNS ya kunja kwa dziko ndi ntchito ya mphindi zochepa. Wofunitsitsa filimu yaulere akanathawira ku makina a DNS osadziwika eni ake, amene mawa lake akanatha kumutumiza ku tsamba labodza looneka ngati la banki yake. Chachiwiri ndicho chinali chachikulu. Akatswiriwa anali atatha zaka zoposa 10 akumanga DNSSEC, njira yosainira yankho lililonse la DNS kuti kompyuta yanu izizindikira ngati wina walisintha panjira. Tsono kwa kompyuta, yankho losinthidwa ndi mbava ndi yankho losinthidwa polamulidwa ndi khoti zimaoneka chimodzimodzi. Simungaphunzitse makina kukana bodza kwinaku mukuwalamula kuti mabodza ena aziwalandira. Mu Disembala akatswiri 83, pakati pawo Vint Cerf, mmodzi mwa amene anapanga njira imene makompyuta amalankhulirana pa intaneti, anasaina kalata yochenjeza aphungu za zomwezi.

Kwa ine, choopsa kuposa nkhani ya DNS chinali mmene SOPA inalembedwera poyamba. Tsamba likanatchedwa lakuba ngakhale kachigawo kake kokha ndiko kali ndi vuto, ndiponso osati chifukwa chakuti laba lokha, koma chifukwa chakuti lathandizira kapena lapereka mpata woti ena abe. Nanga ndani sapereka mpata? Masiku amenewo YouTube inkalandira mavidiyo otalika maola 60 pa mphindi iliyonse. Palibe gulu la anthu limene lingaonere zonsezo zisanatuluke. Ndiye panali ndime ya 103, imene inkalola kampani ya mafilimu kulembera PayPal kapena otsatsa malonda mwachindunji, woweruza asanaonepo, ndipo iwo anali ndi masiku 5 okha kuti adule ndalama za tsamba lodandauliridwalo. Ndime ina inkateteza kampani iliyonse imene yatseka tsamba mwa kufuna kwake polikayikira kuti ndi lakuba. Ziwirizi mukaziika pamodzi, chotsatira chake chimachita kuonekeratu. Kampani ikatseka tsamba losalakwa, palibe chimene chiichitikire. Ikazengereza kutseka, ikhoza kukokeredwa kukhoti. Aliyense woganizira bizinesi yake akanatseka kaye, zofunsa pambuyo. Pulofesa wa zamalamulo ku Harvard, Laurence Tribe, analemba kuti uku n'kutseka munthu pakamwa mlandu wake usanazengedwe, chinthu chimene malamulo aakulu a dzikolo salola. Smith anasintha zina mu Disembala, kuphatikizapo kubwezera khoti pa ndime ya 103 ija, koma anthu anali ataona kale kumene olemba biluyo ankaloza.

Mantha amenewa sanali ongolota. Boma la America linali litayamba kale kulanda mayina a masamba othera ndi .com, .net ndi .org, amene kaundula wake ali m'dzikomo. Mu Novembala 2010 linalanda Dajaz1.com, tsamba lolemba za nyimbo za hip hop. Linasunga dzinalo chaka chathunthu, mwini wake osapatsidwa mwayi woima pamaso pa woweruza, kenaka mu Disembala 2011 linalibweza popanda mlandu uliwonse. Zinadziwika kuti zina mwa nyimbo zimene ankati waba anachita kumutumizira ndi anthu otsatsa oimbawo kuti azitchukitse. Mu Febuluwale 2011 kunachitika china choipa koposa. Pofuna kutseka masamba a zithunzi zolaula za ana, boma linalanda molakwitsa dzina la mooo.com, limene pansi pake panali timasamba 84,000, tambiri ta anthu wamba ndi mabizinesi ang'onoang'ono. Kwa masiku angapo, kasitomala wotsegula tsamba la munthu wosalakwa ankakumana ndi chikwangwani cha boma chonena za mlandu wofalitsa zithunzi zolaula za ana. Dzina la munthu likadetsedwa chotero, kupepesa sikulichapa.

Ife a kunja tisaone ngati inali nkhani ya eni ake okha. Mabiluwa ankalunjika masamba akunja, ndiye kuti tsamba la ku Lilongwe kapena ku Lusaka lokhala ndi owerenga ku America linali m'gulu lomwelo, ndipo mwini wake akanafunika loya wa ku America kuti adziteteze. SOPA inkaperekanso mphamvu yozenga mlandu opanga zida zolambalalira chiletso. Zida zamtundu womwewo ndi zimene anthu a ku China ndi Iran amadalira kuti awerenge zimene maboma awo abisa, moti boma la America lomwelo linkapereka ndalama zothandizira zina mwa izo, monga Tor. Ndi zamtundu womwewonso zimene anzathu a ku Zambia anathamangira pa 12 Ogasiti 2021, tsiku la chisankho, WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa.

Pa 16 Novembala 2011 komiti ya Smith inaitana mboni 6 kuti zipereke maganizo. Zisanu zinali zogwirizana ndi biluyo. Wotsutsa anali mmodzi, loya wa Google, ndipo katswiri wa makina panalibe ndi mmodzi yemwe. Tsiku lomwelo Tumblr, tsamba limene anthu amaikapo zolemba ndi zithunzi zawo, inadetsa zolemba za anthu ake ndi mizere yakuda n'kuwalumikiza pafoni ndi maofesi a aphungu awo, mafoni oposa 87,000 tsiku limodzi. Pa 15 ndi 16 Disembala komitiyo inakhala pansi kuti idutse biluyo ndime ndi ndime, anthu ambiri akuonera pa intaneti, ndipo anadzimvera okha aphungu ena akuvomera kuti sakumvetsa mmene DNS imagwirira ntchito koma kuvota akufuna avote. Jason Chaffetz wa ku Utah anachonderera anzake kuti aitane kaye odziwa makina. Nthawi inatha asanamalize, aphungu n'kupita kutchuthi cha Khirisimasi.

Tchuthi chimenecho ndicho chinawapweteka. Anthu a pa Reddit anatembenukira kampani ya GoDaddy, yolembetsa mayina a masamba, imene inkachirikiza SOPA poyera. Anapangana kusamutsa masamba awo, Jimmy Wales, mmodzi mwa amene anayambitsa Wikipedia, analengeza kuti Wikipedia nayo ichokako, ndipo chaka chisanathe GoDaddy inali itabweza mawu ake. Kumbuyo kwa zonsezi kunali magulu omenyera ufulu monga Electronic Frontier Foundation ndi Demand Progress ya Aaron Swartz, mnyamata wa zaka 25 amene anayamba kukuwa mu 2010 pa bilu yoyambirira ya mtundu womwewu, COICA, anthu ambiri asanamve n'komwe. Pa 13 Januwale Smith analengeza kuti achotsa ndime ya DNS, ndipo mawa lake White House ya Barack Obama inanena kuti siingachirikize lamulo lochepetsa ufulu wolankhula kapena losokoneza chitetezo cha intaneti. Koma voti ya PIPA ku Seneti inali idakali pa 24 Januwale.

Kwa Wikipedia kutseka sikunali chiganizo chopepuka, chifukwa chuma chake chonse ndi kusatenga mbali. Chitsanzo chinalipo: mu Okutobala 2011 Wikipedia ya Chitaliyana inabisa nkhani zake potsutsa bilu imene ikanakakamiza masamba kusindikiza yankho la aliyense wodandaula popanda woweruza kuona ngati dandaulolo ndi loona. Olemba Wikipedia ya Chingerezi pafupifupi 1,800 anakambirana, ena akukaniratu kuti buku la chidziwitso lisalowe ndale, koma ambiri anagwirizana zotseka. Nkhani zofotokoza SOPA ndi PIPA anazisiya zotsegula kuti munthu adziwerengere yekha, ndipo wa pafoni ankalowabe.

Zotsatira zake zinabwera msanga kuposa mmene okonzawo ankayembekezera. Marco Rubio wa ku Florida, mmodzi mwa amene anasainira PIPA, anachotsa dzina lake m'mawa womwewo, Roy Blunt ndi Orrin Hatch n'kutsatira. Atolankhani a ProPublica ankawerenga: pa 18 Januwale ochirikiza mabiluwa m'nyumba zonse ziwiri anali 80, otsutsa 31, pofika mawa lake ochirikiza anali 65, otsutsa 101. Pa 20 Januwale mtsogoleri wa Seneti Harry Reid anaimitsa voti ija, Smith nayenso anaika SOPA pambali, ndipo mabilu awiriwa sanadzukenso.

Chris Dodd, amene anakhala seneta zaka 30 asanakhale mkulu wa MPAA, anati kuzimitsako kunali kugwiritsa ntchito mphamvu molakwa ndi kusandutsa owerenga zida za makampani. Mbali yaikulu ya mawu amenewa ndimaikana. Palibe anakakamizidwa kuimbira phungu, ndipo mabiluwa anakonzedwa mokomera makampani amene akhala zaka zambiri akulowa m'maofesi a aphungu anthu wamba osadziwa. Chimene chinasintha pa 18 Januwale n'chakuti mwini voti anamva nkhaniyo, analawa kutayikiridwa kwa tsiku limodzi, n'kulankhula. Komabe mawu a Dodd sindingawataye onse. Google inali ndi chake choteteza, ndalama za malonda, ndipo kampani imene ingalankhule ndi anthu mamiliyoni m'mawa umodzi ili ndi mphamvu imene palibe anaivotera. Tsiku limenelo zofuna zake zinakumana ndi za anthu wamba. Palibe chotsimikiza kuti zizikumana nthawi zonse.

Pa 19 Januwale, zionetsero zitangotha, boma la America linatseka Megaupload, kampani yosungira anthu mafayilo pa intaneti yolembetsedwa ku Hong Kong, ndipo apolisi a ku New Zealand anamanga mwini wake Kim Dotcom kunyumba kwake pafupi ndi Auckland. Otsutsa SOPA anati umboni ndi umenewu, malamulo omwe alipo ndi okwanira kufikira tsamba lakunja. Koma pomweponso anthu amene ankasungirako mafayilo awoawo, osaba chilichonse, anangodzuka n'kupeza chitseko chotseka. Nduna ya zachilungamo ya New Zealand inadzasainira zotumiza Dotcom ku America mu 2024, patatha zaka 12.

Njira yozimitsayi inayesedwanso kwina, ndipo siinapambane paliponse. Ku Poland anthu anadzaza misewu mu Januwale womwewo potsutsa ACTA, pangano la mayiko lolimbana ndi kuba zaluso ndi katundu wachinyengo, ndipo pa 4 Julayi 2012 nyumba ya malamulo ya European Union inalikana ndi mavoti 478 kwa 39. Koma pa 10 Julayi Wikipedia ya Chirasha itatseka potsutsa bilu yokhazikitsa mndandanda wa masamba oletsedwa, aphungu a ku Moscow anaivomereza mawa lake lomwe. Ankati lamulolo n'loteteza ana. Pofika Malichi 2014 mphamvu yotseka popanda khoti inali itakulitsidwa, ndipo inagwera masamba a otsutsa boma, kuphatikizapo la Garry Kasparov ndi la Alexei Navalny. Mu Malichi 2019 Wikipedia ya Chijeremani inazima tsiku lonse potsutsa lamulo latsopano la umwini wa zaluso la European Union, koma linadutsa ndi mavoti 348 kwa 274. Kuzimitsa kumagwira ntchito kumene phungu amaopa foni ya womuvotera, ndiponso pamene nkhaniyo ikadali yachilendo moti anthu adzidzimuke.

Ganizo lotseka masamba nalo silinafe. Ku America komweko chigawo china cha SOPA, chosandutsa kuulutsa mafilimu a eni popanda chilolezo kukhala mlandu waukulu, chinabwerera mu Disembala 2020 m'kati mwa bilu yaikulu ya bajeti, koma chochepetsedwa kuti chigwire ochita bizinesi yotero, osati mtsikana woimba nyimbo ya wina pa YouTube. Ku Britain khoti lalikulu linalamula makampani a intaneti kutseka The Pirate Bay mu Epulo 2012, ndipo kumeneko woweruza ndiye amayamba waona umboni. Italy inasankha njira ina. Kumayambiriro kwa 2024 inayambitsa makina otchedwa Piracy Shield, oteteza makamaka masewero a mpira a Serie A: eni masewerowo amalowetsa okha dzina kapena nambala ya tsamba limene akuliganizira, ndipo makampani a intaneti ali ndi mphindi 30 zokha kuti alitseke. Loweruka lina madzulo mu Okutobala 2024, dzina limene linalowa m'makinawo linali la Google Drive, ndipo kwa maola angapo anthu ambiri ku Italy sanathe kutsitsa mafayilo awo.